Mabotolo a ku Makeni

Malo anga payunivesite anandilanda m'chaka chachiwiri. Ndiye Mutale, amene tinali naye kalasi imodzi, atandituma kukatunga madzi m'zitsime za ku Makeni kuti akawayeze, ndinapsa mtima. Iye wolemba lipoti la ukhondo wa chilengedwe m'dziko muno, ine wonyamula mabotolo!

Ndinawadzaza pampopi wa amalume ku Woodlands, n'kuwapaka matope kunja mosamala kwambiri. Nzeru zanga zinathera pamenepo.

Dzulo Mutale anandiimbira foni. "Shani mwana!" anandilonjera m'Chibemba. "Manzi yaja yali bwino, zitsime sazazitseka."

Ndinangoseka nawo.

Mlongo wanga wangosamukira ku Makeniko ndi khanda, ndipo chitsime chawo chagundizana ndi chimbudzi. Mvula yayamba. Nambala ya Mutale ndikungoiyang'ana.