Phiri la Bambo Pabalaza

Ndikamva fungo la eyakoni yakale, lija la fumbi lonyowa, ndimakumbukira chaka cha korona ku Doha, m'kafulati kathu ka zipinda ziwiri m'dera la Old Airport. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Sukulu tinkaphunzira pa foni, ndipo bambo, amene ankayendetsa basi ya hotela, ankangokhala pakhomo kudikira kumva ngati ntchito ikadalipo. Ikatha, tonse tinayenera kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Lamulo litasintha kuti munthu atha kusintha bwana popanda kalata yomuloleza, anzawo anayamba kufunsira ntchito m'madera ena a Doha, ku Nuaija ndi ku Onaiza. Bambo anga zimenezo zinawachepera. Anaona pa foni malole akudutsa m'misewu yoboola mapiri ku Norway, n'kulengeza kuti ife tikupita kumeneko, iwo akayendetse malolewo.

Vuto linali limodzi: bambo ankaopa malo opanikiza. Lifiti ya m'nyumba zosanja sankakwera, metro, sitima ya pansi pa nthaka, ankangoimvera kwa ena. Ndiye anaganiza zodziphunzitsa. Anaimika matiresi awiri pabalaza, pamwamba n'kuyala bulangeti ndi zitenje za amayi, n'kutsegula eyakoni mpaka mano kugundana. Kunja dzuwa likuswa mtengo, iwo ankavala majekete awiri, kugwira chivundikiro cha poto ngati chiwongolero, n'kukwawira mkati. Ine ndinali wowerenga nthawi.

Tsiku loyamba sanathe mphindi. Anatuluka thukuta lili kamukamu akukuwa, "Khalas, basi! Phiri limeneli mulibe mpweya!"

"Bambo a Tadala," anatero amayi ali chigwirire nthiti, "bulangeti lakugonjetsani, nanga phiri lenileni? Ndipo zitenje zangazo muchapa nokha."

Sanafooke. Mlungu uliwonse ankawonjezera pang'ono, pena akuliza hutala ndi pakamwa. Masana ena analowa titangodya, osatulukanso mpaka mzikiti wapafupi unaitana anthu kumapemphero. Ndinanyada kwambiri. Atatuluka, maso anali psuu.

"Kuzizira kwa ku Norway kumeneku, mwanawe," anandiuza. "Kumalowa m'maso."

Ndinathamangira kukhitchini kukauza amayi kuti tiyambe kulongedza. Tsiku limenelo amayi sanaseke.

Ku Norway sitinapiteko. Patapita miyezi iwiri bambo anapeza ntchito yoyendetsa basi ya sukulu, n'kupasula phiri lawo. Ine ndinkangodziwa kuti masana aja anagonjetsa mantha. Ndinamva nditakula kuti m'mawa wa tsiku lomwelo hotela inali itawachotsa ntchito, ndipo m'nyumba ya zipinda ziwiri munalibe pena poti munthu wamkulu alire mwana wake osamuona.