Munthu Amene Ndinamusinthanitsa ndi Dengu la Usipa

Ndikukumbukira fungo la girizi ndi nzimbe zopsereza, fakitale ya shuga idakali yatsopano, ine mabere asanamere. Ndinkachoka ku Ngala ndi dengu la usipa wa amayi kukagulitsa kwa antchito. Kumeneko kunali Mtaliyana wokalamba wokonza mapampu a madzi. Dzina lawo linkatipinda lilime, ndiye tinkangowatcha a Dzukadzuka.

Paja ife tinaleredwa kuti mwana wamkazi popereka chinthu kwa wamkulu amagwada. Koma iwo ukangoti bondo pansi, ankakuwa ngati aponda khala lamoto: "Dzuka, dzuka! Ine si bwana. Bwana kulibe!" Ife kuseka, n'kumagwada dala kuti akuwenso.

Zala ziwiri za kudzanja lawo lamanja zinali zokhota ngati mbedza. Tsiku lina ndinafunsa. Anandiuza m'Chichewa chawo chothyokathyoka kuti kwawo, ali mnyamata, kunali wolamulira wofuna kuti aliyense azimukwezera dzanja. Iwo ndi anzawo ankakana kuti munthu akhale pamutu pa mnzake, ndipo ankamwaza timapepala totsutsa. Anyamata a wolamulirayo, a malaya akuda, anawagwira, kuwathyola zala, kuwamwetsa botolo la mafuta a nsatsi mpaka anadziipitsira pamsewu anthu akuona. Kenako zaka ndithu pachilumba cha akaidi. Pomaliza anatsitsa mawu: "Khadi la chipani ndi chingwe cha mbuzi. Kwathu, ngakhale kuno."

Masiku amenewo wopanda khadi mumsika sankalowa. M'mawa wina anyamata a chipani anandiimitsa pachipata, ine khadi ndilibe, basi dengu analanda. Usipa umenewo ndiwo unali chakudya chathu, bambo ali gone ndi chifuwa.

"Kamtsikana iwe," anatero wamtali, "akukunamiza ndani kuti khadi n'lopanda ntchito? Tiuze, utenge nsomba zako."

Sanandimenye. Ndinene zoona, ngakhale kundiopseza ndi kamtengo sanatero. Ndinangoyang'ana dengu langa lili pamapazi pawo, pakamwa n'kutseguka pokha. Zonse za chingwe cha mbuzi ndinakhuthula, dzina n'kutchula. Dengu anandibwezera, ndipo tsiku limenelo usipa unatha wonse dzuwa lisanafike pamutu, amayi n'kundiyamikira.

Patapita masiku awiri galimoto ya boma inaima pakhomo pa shedi yomwe a Dzukadzuka ankagwiramo ntchito. Anatuluka ndi kachikwama kamodzi, ovololo ili m'thupi, manja akadali bii ndi girizi. Anthu tinaunjikana. Maso awo atandipeza, ndinagwada m'fumbi, ulendo uno osati mwamasewera ayi. Kaya ankadziwa, kaya sankadziwa. Sanakuwe. Anangoti pang'onopang'ono, "Dzuka, mwana." Akuti anawakweza ndege kuwathamangitsa m'dziko muno. Sitinamvenso za iwo.

Lero zinthu zinasintha. Makadi aja anatha, adzukulu anga amanyoza atsogoleri pafoni uku akutafuna nzimbe, palibe wowagwira. Amayi anamwalira osadziwa kanthu, ndipo mdzukulu amene akundilembera mawuwa ndiye woyamba kumva. Iyeyu akabwera ndi madzi amagwada, anthu n'kumati analeredwa bwino. Ine chikho ndimalandira maso ali kumbali. Mawu aja akuti "dzuka" amafika pakhosi ndithu, koma ine amene ndinasinthanitsa mwini wake ndi usipa, ndiwatchule ndi pakamwa pati?