Lilime la ababa

Ine kachasu ndinayamba kutcheza ndili ndi mwana woyamba kumsana, ndipo wolawa wanga anali mmodzi, ababa. Atapuma ntchito yothyola tiyi ku esiteti, ntchito imene anatsala nayo inali imeneyo. Akangoona utsi kuseri kwa nyumba yanga ankabwera ndi ndodo yawo, kukhala pansi pa mpeyala, ine n'kuwapatsa madontho oyamba aja timati mutu. Ankalawa, kutsinzina, kenako amvekere, "Kuchokera pa Nkando mpaka pa Muloza, palibe dzanja ngati la mwana wangayu." Makasitomala nawo ankayamikira, koma munthu woledzera amayamikira ngakhale madzi otsukira mbale. Mawu amene ndinkawadikira anali a ababa.

Ndiye panabwera mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, amene amayendetsa thiraki kupita kudoko ku Mozambique. Khirisimasi ina anatulukira ndi kabokosi, m'katimo muli botolo la mowa wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Akuti dzina lake ramu. Akuti ndi wa nzimbe, nzimbe zomwezi timatafuna, koma wagona mumgolo wa matabwa zaka zoposa khumi. Zaka khumi! Ine kanga kakagona sabata ndiye kuti malonda avuta.

Kwathu wobweretsa chakumwa ndiye amayamba kumwa, kuchotsa mankhwala, kuti onse amwe mtima uli m'malo. Koma alamu angawa ndi a mpingo woletsa mowa. Kugula amagula, kumwa ayi, onani chinyengo chake. Ababa anathira pang'ono m'tambula n'kundilozera.

"Iwe ndiwe mwini ntchito. Tachotsa mankhwala m'malo mwa alamu ako."

Ndinalandira ndi manja awiri, mumtima nditakonzeka kale kukwinya nkhope. Ndikuti ndigugudize monga timachitira, alamu aja n'kukweza dzanja.

"Pang'onopang'ono alamu, umenewo sagugudiza. Muyambe mwanunkhiza."

Ha! Munthu wosamwa kundiphunzitsa ine kamwedwe, pakhomo pa makolo anga! Ndinanunkhiza basi, poti anthu onse maso anali pa ine. Fungo lake linali la nthochi yopsetsetsa, kumbuyo kwake kukubwera kautsi ka nkhuni zouma. Ndinaika kadontho palilime n'kudikira kuti kandikande pakhosi. Sikanakande. Kanatsika mwaulemu, n'kuyamba kufunditsa pachifuwa, m'kamwa mutatsala kukoma kwa shuga wopserera pansi pa poto. Ndinameza malovu, kukomako kuli pomwepo. Abale, mtima unandiwawa. Ndinkafunitsitsa kuti ukhale woipa.

"Uli bwanji?" anafunsa ababa.

"Mankhwala mulibe," ndinayankha, n'kuwabwezera tambula.

Iwo analawa n'kutsinzina. Ine kutsinzina kwawo ndimakudziwa, ndinakulira pomwepo, koma kwa tsiku limenelo kunatalika mpaka mng'ono wanga anayamba kuseka. Atatsegula maso sanayang'ane ine, anayang'ana mkamwini wawo.

"Apongozi, ndikanafa osadziwa kuti nzimbe zimafika apa."

Nsanje imene inandigwira sindingaibise. Nyama ya Khirisimasi sinanditsike. Mng'ono wanga amangoyendayenda pabwalo mapewa m'mwamba ngati watcheza ndi iyeyo, chonsecho sadziwa n'kusonkha moto wa pamgolo komwe.

Botolo lija ababa analibisa m'sutikesi ya zovala za kutchalitchi. Lamulungu akaweruka ankathira m'chitsekerero chake, kachitsekerero kamodzi basi, n'kukhala nako pakhonde mpaka mthunzi wa nyumba utasuntha. Utsi wanga unkafuka monga kale, koma pansi pa mpeyala pankangokhala nkhuku. Ndikawapititsira mutu kunyumba kwawo amvekere, "Ika apo mayi, ndimwabe." Ndinayesa kupsereza shuga n'kuthira m'kachasu kuti nako kafiire. Makasitomala anandifunsa ngati ndatsegula tirumu. Ndinafika popempherera botolo lija kuti lithe, kapena mbuzi ilowe m'nyumba iligwetse.

Mvula itatha, m'mawa wina ndili pamoto, ndinamva ndodo ikugogoda m'kanjira. Ababa! Ndinathamanga kukawayalira mkeka, chitenje chikumasuka, mayi wa ana akuluakulu kusekerera ngati kamtsikana. Mutu unali utangoyamba kudontha. Ndinawatengera m'kapu imene ankalawira kale, ndikugwada, ndikudikira.

Kapu sanailandire. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa botolo la ramu, mulibe kanthu.

"Usalitsuke," anatero. "Thira kakoko muno, kagonemo masiku angapo. Mwina kangatengeko fungo."

Ndinathira, kena kakutayikira pansi. Anatseka bwinobwino, kulipukuta ndi mpango, n'kunyamuka. Kapu ija inatsala pamkeka, yodzaza.