Galimoto Imene Sinalize Injini

Ndikukumbukira kuti linali Lachisanu, anthu akungotuluka mumzikiti, pamene mnyamata wina anabwera akuthamanga kudzatiuza kuti bambo akhapidwa kudambo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Dambo limenelo tinkalimbirana ndi mudzi wa tsidya. Malire anali mtsinje, koma mvula ya chaka chimenecho inausunthira kwina, ndiye aliyense ankati mpunga wapakatipo ndi wake. Bambo tinawapeza atagona m'matope, khosi lili magazi okhaokha, koma akupuma.

Dera lonselo galimoto inali imodzi, ya a Twaibu. Anali atangoyamba kulemera. Anali ndi chigayo cha mpunga, ndipo midzi yonse iwiri inkakonoletsa kwa iwo. Mayi anandigwira dzanja n'kuthamangira kumeneko. Anagwada pagaga, chitenje chili chonyowa.

"Achimwene, tithandizeni. Bambo a Asiyatu akutha."

A Twaibu anazimitsa chigayo, n'kupukuta manja bwinobwino.

"Pepani alongo. Inetu nkhani yanuyi ndilibe mbali. Ndikanyamula wa kuno, a tsidya adzati ndalowerera. Onse ndinu anthu anga."

"Munthu akufa, inu mukuti mbali?"

"Kayeseni kumsewu, matola sachedwa."

Makiyi ndinkawaona, ali lende pa lamba wawo. Bambo tinawakweza pa ngolo. Anamwalira tisanafike pa tala.

Pamaliro a Twaibu anatumiza thumba la mpunga. Tinamva kuti thumba lina lofanana nalo linapita kwa banja la amene anakhapa bambo, poti nawonso wawo anali atamangidwa. Mayi sanalole kuti mpungawo uphikidwe. Anaukhuthula kuseri, abakha n'kudya.

Madzulo ake akundimeta, mayi anati, "Wakhapa bambo ako uja anali ndi mkwiyo, ndipo akalipira kundende. Uyu wa galimotoyu mtima unali m'malo. Anayamba waganiza, kenako n'kukana. Usadzamuiwale."

Sukulu ndinalekera pomwepo. Mayi nawo anadzamwalira, ndipo dambo lija lero ndi la a Twaibu. Anagula kwa midzi yonse iwiri anthu atatopa ndi milandu. Ndinazindikira mochedwa kuti amene amati ndi bwenzi la onse amakhala akudikira kuti onsewo afooke.

Chaka chino a Twaibu akufuna ukhansala, akuti adzatigwirizanitsa. Ine ndikaweruka kumunda ndimasamba, n'kuyenda khomo ndi khomo, kuno ndi tsidya lomwe. Sindinyoza, sindiwonjezera. Ndimangowauza mmene bambo anga anafera.