Sipiriti wa a Zebedee

A Zebedee Mhone a ku Zolozolo anasiya mowa tsiku limene akazi awo, a Esme, anamanga katundu kubwerera kwawo ku Nkhata Bay. Mayiwo anasiya mawu: mwamuna akatha chaka osalawa, iwo adzabwerera, koma akangomveka fungo, ukwati watha basi.

Ntchito yaukalaliki anali atawachotsa kalekale. Ndiye poopa kuti kukhosi kungayabwe, bambowa anayamba kutola mawailesi akufa n'kumawadzutsa. Ine, woyandikana nawo nyumba, ndinkaonera pampanda. Bolodi lobiriwira la m'kati mwa wailesi ankayamba alitsuka ndi mswachi wakutha, woviika m'sipiriti wogula kufamase. Likauma ankawotcherera timiyendo ta zipangizo ndi mtovu, kenako n'kutsukanso utomoni wotsalira. Ankati ukausiya, chinyezi cha Mzuzu chimalidya bolodilo, wailesi n'kumalira ngati nkhuku yachitopa. Ukhondo wonsewo, munthu amene kale ankatha sabata osasamba!

Utatsala mwezi umodzi kuti chaka chikwane, a Esme anatuma achimwene awo, a Amos, kuti akaone ngati mlamu wasinthadi. Anatulukira masana, mosachenjeza. A Zebedee anasiya mswachi, n'kuthamanga kukawalandira ndi manja awiri, manja onyowa.

"Monire alamu! Yewo chomene, mwatiyendera."

A Amos ananunkhiza chikhatho chawo, n'kuyang'ana botolo lofika theka patebulo.

"Mpaka sipiriti, alamu? Kachasu wakucheperani?"

"Ayi, ndi wotsukira mabolodi ameneyo! Sindinalawe olo dontho. Afunseni aneba awa."

Onse awiri anatembenukira kumpanda, kwa ine. Zoona ndinkazidziwa, ndinkaziona tsiku ndi tsiku. Koma ndinakumbukira mmene bambo ameneyu, ataledzera, ananditukwanira pamaliro a mwana wanga, anthu ali yavuyavu. Mtima unandiwawa ngati zachitika dzulo.

"Za m'nyumba ya eni ine sindizidziwa," ndinatero. "Fungo lokhalo ndiye timalimva daily."

A Amos sanakhale n'pansi pomwe. Anaimba foni ataima pakhomo, a Zebedee akumva.

"Mlongo wanga, iwalako. Pano afika pomwa za kufamase."

A Zebedee anagwada pamatope, bambo wa imvi, kugwira buluku la alamu awo. A Amos anangosasa mwendo n'kumapita kukakwera minibasi.

A Esme anakwatiwa ku Chintheche chaka chotsatira. A Zebedee sanalawebe mpaka lero, ndipo amene angawachitire umboni ndine ndekha.