Sindinawanamizire achimwene

Achimwene anga sankakhulupirira kuti kuli Mulungu, ndipo sankabisa. Kwathu kuno, m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Makokola, munthu ukaba mbuzi anthu amakunena sabata imodzi n'kuiwala. Koma ukanena pagulu kuti kumwambaku kulibe aliyense, dzina lako limaipa mpaka ku Katuli. Iwo ananena zimenezi kwa zaka zambirimbiri, atagwada pamchenga, sipanala ili m'manja.

Ntchito yawo inali yokonza mainjini a maboti. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, ndipo ndakhala ndikuswali kasanu pa tsiku kuyambira utsikana wanga. Ndimayanika usipa pathandala n'kumakagulitsa ku boma. Thandala langa linayandikana ndi chisakasa chawo, choncho tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, ine ndikutembenuza usipa, iwo akutsuka mapulagi ndi petulo.

Sanabadwe otero ayi. Ali mnyamata ankawerenga bwino kumadarasa, sukulu ya kumzikiti, moti amayi ankagwetsa misozi akamawamvera. Zinasintha chaka chimene mwera unagubuduza maboti awiri tsiku limodzi. M'boti lina munali abambo athu, munthu amene sankaponya khoka asanaswali. M'boti linalo munali anyamata odziwika ndi kachasu. Anyamatawo anapulumuka onse, abambo anamira. Pamaliro mmodzi wa anyamatawo ankangobwereza kuti Mulungu ndi wamkulu, watipulumutsa. Achimwene anamufunsa pamaso pa anthu kuti, "Nanga abambo anga anamulakwira chiyani?" Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso mumzikiti kukaswali.

Ine ndinalumbira kuti ndidzawabweza. Tsiku lina ndinawatengera chambo chachikulu, n'kuchiika pambali pa injini imene ankamasula.

"Achimwene, injini iyi inadzipanga yokha?"

"Ayi."

"Nanga diso ili? Mamba awa anadziyala okha?"

Anapukuta manja pansanza, n'kuseka. "Chemwali, amene anapanga injiniyi analemba dzina lake pachivundikiro, ndipo ikawonongeka amatumiza masipeya. Wakoyo adiresi yake ndi iti?" Kenako anasiya kuseka. "Ngati anapanga chambo, ndi yemweyo anapanganso kachilombo ka likodzo. Anakhala pansi bwinobwino, n'kukapezera nyumba m'nkhono, n'kukaphunzitsa kuboola khungu la mwana wosamba panyanja. Ukamamutama chifukwa cha chambo, uzimufunsanso za kameneko."

Ndinapsa mtima. Ndinanyamula chambo changa, tsiku limenelo iwo anadyera therere.

Nanenso ndinali nazo zanga. Ndinkadziwa kuti achimwene sankaika sipeya yakutha m'injini ya munthu n'kunama kuti ndi yatsopano, monga amachitira ena. Ndinawafunsa kuti, "Ngati kulibe wokuonani, mukuopa ndani?" Iwo anati, "Ndikuopa kuti munthuyo amira." Ndinawauza kuti mantha amenewo wina anawaika mumtima mwawo. Anati anawaika ndi amayi, ndi mthiko. Tinkatha choncho masiku onse, palibe wogonja.

Chimene chinkandiseketsa n'chakuti chimkuzamawu cha pamzikiti ankakonza ndi iwo. Chikangoyamba kukhosomola, amuazini, bambo wachikulire amene amaitanira anthu ku swala, ankabwera nacho kuchisakasa atachikulunga m'thumba la feteleza. Achimwene ankalumikiza mawaya uku akudandaula. "Ndikukonzereni kuti muzindidzutsa bwino, eti?" Amuazini ankati, "Tsiku lina mudzadzuka n'kubwera." Iwo ankati, "Mudikira mpaka ndevuzo zifike pamchombo." Ankakwera okha padenga kukachimangirira, ndipo sankalandira kanthu.

Akazi awo anawathawa kalekale chifukwa cha pakamwa pomwepo, ana sanabereke, choncho atayamba kudwala anabwera kudzagona kwa ine. Mimba inatupa, miyendo inatupa, maso anasanduka achikasu. Kuchipatala anati likodzo la zaka zambiri lawononga chiwindi, ndipo tabwera mochedwa. Pobwerera, tili pamatola, anandigunda ndi chigongono. "Wamva? Ndi kachilombo kathu kaja." Ine sindinaseke.

Mwambo wathu ndi wakuti munthu akamatsirizika, wachibale amakhala pafupi ndi khutu lake n'kumanena mawu a shahada, oti palibe wopembedzedwa koma Mulungu mmodzi. Sumukakamiza, umangonena mofatsa kuti iye atsatire. Akanena mawu amenewo pomaliza, zakale zonse zimafafanizika, ndipo amasambitsidwa, kukulungidwa m'sanda, kuswaliridwa ndi kuikidwa pakati pa anzake. Pamenepo ndi pamene ndinaika mtima wanga wonse. Ndinkati mkangano wa pachisakasa ndalephera, koma wa pamkeka ndipambana. Ndinkafuna akagone pafupi ndi malemu amayi ndi abambo.

Linali Lachiwiri, dzuwa litakwera kale, anthu ali m'ntchito zawo. M'chipindamo tinalimo awiri. Nditaona kuti kapumidwe kasintha, ndinagwada n'kuyamba kunena mawuwo. Ndinanena kamodzi, kawiri, kasanu. Anatsegula maso.

"Ndakumva, chemwali. Ugonthi ndilibe."

"Ndiye nenanitu, achimwene. Ndi mawu ochepa. Chitirani ine."

"Sindinganene chinthu chimene sindikuchidziwa. Ndafufuza, sindinam'peze." Anandiyang'ana m'maso. "Adzakufunsa anthu aja. Usandinamizire."

Ndinalira, ndinawanena kuti ndi nkhutukumve, ndinawauza kuti akundipweteka dala. Anandigwira dzanja n'kufinya mpaka nditavomera kuti sindidzawanamizira. Kenako anafunsa ngati usipa ndautembenuza, poti dzuwa linali litaswa mtengo. Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza.

Kwathu maliro sagona, timaika tsiku lomwelo. Dzuwa lisanapendeke, pakhonde panali patadzaza amuna, amayi ali kuseri. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anandikokera kumbuyo kwa khitchini. Nkhope yawo inali ya munthu wothedwa nzeru.

"Ashehe akufunsa. Iwe ungoti eya, ananena. Munali awiri, adziwa ndani? Usatichititse manyazi."

Ndisaname, mtima wanga unavomera. Liwu limodzi lokha, ndipo achimwene akanagona pamthunzi umodzi ndi amayi. Ndi zimene ndinkafuna ine, kuposa amalumewo. Ndinayenda kupita kukhonde liwulo lili kale pamlomo.

Ashehe anali munthu wofatsa, ndipo anafunsa mwaulemu. "Amayi, tonse tikudziwa zimene malemuwa ankalankhula. Koma chitseko sichitsekeka munthu akadali ndi mpweya. Inu munali pomwepo. Ananena?"

Dzanja langa linali likuwawabe pamene achimwene anandifinya paja.

"Sananene."

Amalume anagwira kumutu. Ashehe anayang'ana pansi, n'kunena kuti zikatero iwo sangatsogolere swala, ndipo thupilo silingasambitsidwe monga la Msilamu. Anati achibale aone pokumba. Amuna anayamba kufunafuna nsapato zawo pansi pa khonde, mmodzimmodzi, osayang'anana. Ena mwa iwo anali anthu amene maboti awo akuyenda mpaka lero chifukwa cha manja a munthu amene anagona m'nyumbamo.

Apo ndiye ndinayaka. Mkazi salankhula pakhonde la maliro, koma ine ndinalankhula, ndipo ndinakweza mawu.

"Amalume amati ndiname. Ndinamize ndani? Ngati Mulungu alipo, anali m'chipindamo, anamva yekha, safuna umboni wa mayi wogulitsa usipa. Ngati kulibe, ndiye inu mukuthawa chiyani? Mukuopa ndani?"

Wina anakuwa kuti astaghafirullah, Mulungu atikhululukire. Mayi wina kuseri anati matenda a m'banjamo andigwira nanenso. Ndinawasiya akulankhula. Ndinapita kumjigo n'kutunga ndowa yodzaza, ndinatenga sopo ndi nsalu ya sanda imene ndinasunga m'sutikesi, n'kudutsa pakati pa amuna onsewo kulunjika kuchitseko.

"Ukupita kuti?" anatero amalume.

"Kukasambitsa achimwene."

"Wapenga? Mkazi asambitse mlongo wake? Zinachitikapo kuti?"

"Zichitika lero. Chibale n'fupa, sichiola. Sapita m'dothi ndi girisi m'zikhadabo ngati galu wogundidwa pamsewu. Amene akuona kuti n'zonyansa abwere andilande ndowayi."

Sindikudziwa ngati ndikanathadi kuvundukula nsalu imene inaphimba thupi lawo. Koma ndinali nditafika kale pachitseko, kubwerera kunalibe. Kenako ndinamva munthu akudzuka movutikira, mawondo akulira. Anali amuazini. Anabwera osafulumira, n'kugwira chogwirira cha ndowa.

"Siyani, amayi." Anatembenukira kwa ashehe. "Mawu anga akhala akufika mpaka kumsewu chifukwa cha manja a munthu uyu. Zamumtima mwake sindikuzidziwa. Manjawo ndiwasambitsa ine."

Asodzi awiri anavulanso nsapato zawo n'kuwatsatira. Ena onse anapita. Ashehe sanawaletse atatuwo, komanso sanasinthe mawu awo. Swala sanatsogolere, ndipo pakati pa manda anakaniza. Analoleza kumalire kokha, kuseri kwa mpanda, kumene mbuzi zimadutsa popita kudambo. Sindiwada ashehe. Nawonso anakana kunama, monga ine, monga achimwene.

Akazi sitipita kumanda poika maliro. Ndinaima pamsewu n'kuona anthu ochepa aja akunyamula thupi pachitseko chakale, poti jeneza la kumzikiti, lonyamulira maliro, silinatuluke. Amuazini pobwerera anandiuza malo ake: pansi pa mtengo wa msangu, mbali ya kunyanja. Anati anawagoneka bwino.

Amalume sanandilankhule mpaka mvula inagwa kawiri. Kumjigo amayi ankati ndinaponya mlongo wanga ku mbuzi chifukwa cha liwu limodzi. Ena mpaka lero amandifunsa ngati ndimanong'oneza bondo. Ndimawauza kuti zimandiwawa tsiku lililonse, koma kuti tsikulo libwererenso, ndinganenenso chimodzimodzi. Munthu uja moyo wake wonse sanaike sipeya yabodza m'injini ya wina. Ine ndikanamuika bwanji mawu abodza m'kamwa atafa?

Anthu ena amayembekeza kuti ndinasiya kuswali. Sindinasiye. Ena amafuna ndiwauze kuti ndili ndi umboni woti Mulungu alipo. Umenewonso ndilibe woti ungakhutitse munthu ngati achimwene. Diso la chambo limandigwirabe mtima. Amuazini aja atagwira ndowa, ine ndinaona ngati wina wawadzutsa, ngakhale ndikudziwa zimene achimwene akanayankha: anawadzutsa ndi manyazi. Funso la likodzo lija sindinalipezere yankho, ndipo amene amati ali nalo ndimawauza kuti ayambe asamalira munthu wotupa mimba miyezi isanu, kenako tidzakambirane.

Chimene ndimachita n'chakuti ndikamaliza swala, potambasula manja, ndimafunsa funsolo kwa mwiniwake. Sindifunsa monyengerera ayi. Ndimati, munthu uja anakufunani, inu simunaoneke, ndipo anakana kukunamizani. Ngati muli monga amanenera, mukudziwa chochita naye. Sanandiyankhebe.

Chimkuzamawu chinawonongekanso patangopita miyezi ingapo, ndipo chinakhala nthawi yaitali chikusowa wochikonza. Amuazini ankaitana ndi pakamwa pokha, mawu osafika n'kuthandala komwe.

Ana anga ndinawaitanitsa onse chaka chatha, ndipo ndinawauza pamaso pa ashehe kuti pasadzakhale wonamizira kuti sanamve. Shahada ndidzanena, Mulungu akalola. Adzandisambitse, adzandiswalire, adzandinyamule pajeneza monga Msilamu aliyense. Koma pakati paja, pafupi ndi amayi, apatse wina. Ine akandikumbire kuseri kwa mpanda, pansi pa msangu, kumene kumadutsa mbuzi. Amayi ali ndi abambo. Achimwene ali okha.