Chilombo Sichiyankhula

Lemani, mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi ku Al Asmakh, anabwera ku Doha ngati gadi. Bwana ataona kufupika kwake anamupatsa ntchito ina, yovala zidole za mipikisano ikuluikulu, zija amati mascot. Pa mpikisano wothamanga wa 2019 anali kabawi. Pa World Cup anali chinsalu choyera chokupiza. Itafika Asian Cup anamusandutsa mbewa ya m'chipululu. Munthu wamkulu, bambo wa ana awiri, mbewa!

Lamulo la ntchitoyi n'lofanana ndi la kudambwe kwawo ku Dedza: chilombo sichiyankhula, ndipo mutu suvulidwa pagulu. Kusiyana kwake n'koti kuno ukaphwanya, mawa lake uli m'ndege.

Mkazi wake Ndaziona amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Murra. Madamu ake anamulanda foni, geti n'kukiya. Chaka chinatha awiriwa osaonana, ali mumzinda umodzi. Zimandinyansa mpaka lero.

Tsiku lina Lemani akuvina m'chidole cha mbewa pa mall, chinyumba cha masitolo, anangoona Ndaziona uyo, zikwama m'manja, akukoka ana a madamu. Anawo anathamangira mbewa ija. Supavaiza wa Lemani anali chilili pambali pake.

"Yalla, picture!" anakuwa madamu mofulumizitsa, akupatsira Ndaziona foni.

Ndaziona anajambula, kenaka anayang'anitsitsa chidolecho n'kupukusa mutu.

"Chinsanza chonsechi," anadandaula chapansipansi m'Chichewa. "Kaya ndi mwamuna wa ndani akupsa m'menemu."

Lemani anachita zomwe anamuphunzitsa. Anakweza dzanja lathonje lija n'kumubayibitsa.